Poizoni ayi, amayi, chonde

Amayi, amene akukuuzani kuti muwathirire poizoni amphaka akuseri kwanuwo sanaonepo mmene amafera. Ine ndinaona, kuno ku Chawama. Alandilodi athu anasakaniza kapenta ndi mankhwala aja ogulitsa m'timapepala, n'kuika pafupi ndi dzala, osauza munthu. M'mawa ndikuti ndikatunge madzi, ndinapeza mphaka wamkazi pakhomo panga akuphupha, thovu kukamwa, miyendo ikukokana, maso ali tong'oo. Sanafe msanga ayi. Mwana wanga ali mu yunifolomu akulira kuti amama mupatseni mkaka, ine manja akungonjenjemera. Ndiye tiana ta mphakayo tinali m'denga! Tianato tinalira usiku wonse, kenako zii, kenako fungo. Kagalu ka aneba kanadyako kapenta yemweyo, kanapita. Pabwalo pomwe pamakwawa makanda!

Nditawafunsa alandilodiwo, akuti ndi amphaka aufiti. Ufiti wake uti? Munthu wokana kulipira otola zinyalala, dzala lafika m'chiuno, mlandu n'kukhala wa mphaka. Koma lendi yokha ndiye saiwala, pa 1 ali kale pakhomo.

Sipanapite nthawi, makoswe anayamba kuboola matumba a ufa, ndipo amphaka ena anatulukira kuchokera kumsika, poti dzala linali pomwepo. Mphaka amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake n'la miyezi 2, ndipo amaswa kawiri kapena katatu pachaka. Mupha angati?

Chothandiza n'kuwakola ndi khola la msampha, dokotala wa ziweto awatseke kubereka, awabaye jekeseni wa chiwewe, muwabweze pomwe anali. Amadulako kansonga ka khutu kuti musadzagwirenso yemweyo. Ofulidwa amachepetsa ndewu ndi kukuwa kwa usiku kuja. Funsani a Lusaka Animal Welfare Society kapena kuchipatala cha ziweto ku yunivesite ya UNZA, ndalama musonkherane ndi aneba. Osawagwira ndi manja! Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi mphindi 15, kenako liwiro ku kiliniki.

Komanso musamawadyetse, mungaitane ena, ndipo musakangane ndi alandilodi, nyumba zavuta mu Lusaka muno. Koma ine, ndisaname, amphaka amene anabwerawo ndimawaikira mitu ya nsomba kuseri kwa bafa, mdalayo akagona.