Ukufuna kupanga helikopita yankhondo koma Masamu uli ndi 9?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Ulónguè, kwa mnyamata wa kalasi 12. Mwachidule akuti: "Ndimaonera mavidiyo a mahelikopita ankhondo omwe Turkey ndi India anadzipangira okha, ine ndikufuna ndidzakhale oyamba kupanga ya Mozambique. Bambo akuti amenewo ndi maloto a chumba, ndilowe usilikali kapena ndikasake ntchito ku mgodi ku Moatize. Masamu ndili ndi 9 pa 20, Física 11. Ndikaphunzire kuti? Tulo sindikuona."

Makalata otere sasowa mphwanga, amangosintha chinthu chomwe chikuuluka, ena ndi ndege ena ndi roketi, koma nota ya Masamu imakhala yomweyomweyo. Ndiye ndikuyankha iwe ndi bambo akowo limodzi chifukwa nonse awiri mwalakwa, kungoti aliyense mbali yake.

Helikopita yankhondo ya Mozambique siudzapanga. Osati poti ndiwe wa ku Angónia ayi, koma chinthu chimenechi sapanga munthu mmodzi, ndipo kuno fakitale yake kulibe, mahelikopita omwe asilikali athu akhala akugwiritsa ntchito ngati Mi-8 ndi Mi-24 ndi ochita kugula, opangidwa ku Soviet Union ndi Russia. Tatenga chitsanzo cha pafupi pompa, Rooivalk ya ku South Africa. Ntchito inayamba 1984, nthawi ya tsankho, dziko lija litatsekeredwa kugula zida kunja ndi United Nations kuyambira 1977, ndiye analibe kochitira mwina. Yoyeserera inauluka koyamba mu February 1990. Kuti ifike poti asilikali anene kuti eya yakwana zonse, munali mu 2011. Werenga wekha zaka zimenezo, mwana obadwa chaka chomwe anayamba kujambula anali ali ndi ana ake kale. Ndipo pa ndalama zonsezo anapanga 12 basi, palibe dziko lina lomwe linagula, ku Turkey anapikisana nawo pofuna kuigulitsa koma anagonja, nkhondo yake yoyamba inali ya 2013 ku Congo polimbana ndi zigawenga za M23. Apa tikunena South Africa yomwe inali ndi kampani ya ndege kale, Atlas, yomwe inadzalowa mu kampani ya zida ya Denel, ndi ma yunivesite ophunzitsa za ndege.

Tsono chomwe mavidiyo akowo sakuuza ndi ichi, mau oti "tapanga tokha" amabisa zambiri. Rooivalk injini zake ndi Makila za ku France, ndipo mapiko ozungulira aja ndi giyabokosi anatengera ku mahelikopita ena, Puma ndi Oryx. T129 ya Turkey yomwe ukuisilirayo inachokera ku A129 Mangusta ya ku Italy, injini yake ili ndi dzanja la America, moti Pakistan itafuna kugula 30 malonda anaima chifukwa America sinapereke chilolezo cha injiniyo. India anaona kufunika kwa helikopita yomenya nkhondo m'mapiri ataliatali pa nkhondo ya Kargil mu 1999, helikopita yawo ya Prachand inauluka koyamba 2010, kulowa ntchito 2022, injini anapanga mothandizana ndi a ku France omwewo. Mfuti ndi mizinga zomwe zimakusangalatsa pa vidiyo si pomwe pamavuta kwenikweni. Pamavuta ndi pa injini, pa giyabokosi yomwe imalandira liwiro loopsa la injini nkulitsitsa kuti mapiko azizungulira mwa mphamvu, pa kunjenjemera komwe kumang'amba zitsulo pang'onopang'ono osaoneka ndi maso, pa mawaya ndi makompyuta. Anthu masauzande amakalamba akulimbana ndi kachidutswa kamodzi, wina moyo wake onse ndi ma beringi basi.

Nkhani yabwino ili pomwepo ngati uli ndi makutu. Anthu amenewo ambiri sanaphunzire kosi yotchedwa "helikopita". Anaphunzira umakaniko wa digiri, zamagetsi, zamakompyuta, za zitsulo. Ndipo zimenezo kuno zilipo. Engenharia Mecânica ku Universidade Eduardo Mondlane (UEM) ku Maputo, Mecatrónica ku UniZambeze ku Beira, zamagetsi ku Instituto Superior Politécnico de Songo komwe damu la Cahora Bassa lili pakhomo pomwepo. Ine ndimakankhira ana ngati iwe ku Mecânica, ndipo sindibisa. Munthu odziwa ma turbine, ma hayidiroliki, kutopa kwa chitsulo ndi kujambula makina pa kompyuta sagona ndi njala ku Tete, pali migodi, pali damu, pali njanji ya ku Nacala, ndipo tsiku lomwe mwayi wa za ndege udzatseguke iyeyo ndi amene amakhala okonzeka kale. Digiri ya za ndege yeniyeni iliko ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, koma Chingerezi chako ndi thumba la bambo ako ziyenera kulimba. Brazil ndiyo ndingakuuze kuti uziiyang'ana, chilankhulo ndi chomwechi cha kusukulu, ali ndi kampani yopanga ndege ya Embraer, ndipo pali pulogalamu ya PEC-G yolandira ophunzira ochokera maiko ngati lathu. Zindikiranso kuti iwo aja anayamba ndi sukulu ya uinjiniya wa ndege, ITA mu 1950, kampani ya ndege inadzabwera 1969. Ma bolsa a boma amadutsira ku Instituto de Bolsas de Estudo, uzitsata zolengeza zawo wekha osadikira kumva kwa anzako nthawi itatha.

Palinso njira ina yomwe achinyamata mumainyoza, kukonza ndege. Helikopita imatha nthawi yambiri ili pansi m'manja mwa amakaniko kuposa ili m'mwamba, ndipo vuto la maiko ambiri a kuno si kusowa helikopita yojambula okha, ndi kukhala ndi zogula zomwe zangokhala poti palibe sipeya kapena ozikonza. Amene amasaina kuti iyi iuluke ndi munthu olemekezeka heavy.

Koma zonsezi ndi 9 ya Masamu sizitheka, tisanamizane. Mayeso olowera ku uinjiniya ndi Masamu ndi Física, ndipo kumeneko ukapikisana ndi ana a ku Maputo ndi Beira omwe akhala akubwereza mapepala a zaka zam'mbuyo chiyambire chaka. Iwe megabaiti yako ikuthera kuonera mizinga ikuphulika. Mwandilembera ambiri za maloto, koma oti andifunse za trigonometria sindimamuona. Umadziwa maina a mahelikopita onse koma ukafunsidwa chifukwa chake ili ndi kachipiko kena kumchira ungayankhe? Yankho lake liri mu Física ya kalasi yomwe wadutsa kale, injini ikamazunguza mapiko mbali iyi thupi la ndege limafuna kuzungulira mbali inayo, kakumchirako ndi koletsa zimenezo. Ngati izi sizikukukoka mtima ndiye kuti chomwe umakonda ndi mavidiyo, osati uinjiniya.

Tsopano inu bambo. Mwanena zoona kuti helikopita sadzapanga, koma mankhwala anuwo ndi olakwika. Mwana okonda makina mukufuna kumuthamangitsira ku geti ya mgodi ndi satifiketi ya kalasi 12 yokha, akakachite chani kumeneko, kudikira ganyu padzuwa la Moatize? Mgodi omwewo umalipira bwino amene ali ndi pepala la ntchito ya manja kapena digiri. Usilikali si chilango chopatsa mwana olota, ndi ntchito yofuna munthu oifuna yekha, ndipo ngati angaifune pali Academia Militar Marechal Samora Machel ku Nampula, nakonso amalowa ndi mayeso. Makolo a kuno mumafulumira kuwerengera malipiro a mwezi wa mawa, mbatata mukagulitsa mumupezereko omuthandiza Masamu madzulo, ndi zotchipa kuposa kumusunga pakhomo zaka zisanu akusaka ntchito.

Mphwanga, sindinakutaye. Mwana wa kalasi 12 amene amafunsa kuti chinthu chinapangidwa bwanji ndi osowa, ambiri amangofunsa mtengo wake. Peza mapepala akale a exame de admissão a UEM uzichita tsiku ndi tsiku, Loweruka upite ku ofisina iliyonse ya magalimoto pa Ulónguè upemphe kuthandiza ngakhale kutsuka zitsulo, uone giyabokosi itamasulidwa ndi maso ako, Chingerezi usachisiye poti mabuku a ndege ambiri ali m'Chingerezi, ndipo Dedza ili pafupi omayankhula nawo sasowa. Chaka chino zikakanika kulowa yunivesite, kosi ya umakaniko kapena zamagetsi ya nível médio si manyazi, ambiri amakwera kuchokera pamenepo. Undilemberenso Masamu akafika 14, tikambirane za Brazil.