Kodi webusaiti ya katswiri wa gofu ingakuuzeni kuti ali mu fomu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene anayamba kubetcha pa gofu chaka chino. Akuti Lachiwiri lililonse amatsegula mawebusaiti a osewera khumi kapena kuposerapo, n'kuwerenga nkhani zawo ndi zomwe anena za mpikisano womwe ukubwera, kenako n'kusankha mmodzi woti atenga chikho. Papita miyezi inayi akungodyedwa. Funso lawo ndi lakuti: kodi njirayi ndi yolakwika, kapena iwowo ndi amene sakudziwa kuwerenga bwino masambawo?

Achimwene, kuwerenga mukuwerenga bwino. Vuto ndi lakuti mukufunsa mwini katundu ngati katundu wake ndi wabwino.

Nthawi zambiri wosewera salemba yekha pa tsamba lake. Amalemba ndi anthu a kampani yomuyendetsera zinthu, ndipo amene akufuna kuwasangalatsa ndi makampani omwe mayina awo ali pa chipewa, pa malaya ndi pa chikwama cha ndodo. Paja fumbi ndiwe mwini. Munthu akamaliza pa nambala 48, nkhani yake imakamba za maenje atatu omwe anasewera mochititsa kaso Lamlungu. Akalephera kudutsa cut Lachisanu, pomwe otsalira m'mbuyo amachotsedwa mu mpikisano, tsamba limangoti zii. Masamba enanso anasiyidwa kalekale, zithunzi zake ndi za zaka zitatu zapitazo, chifukwa eni ake anasamukira ku Instagram ndi X.

Mu Juni 2008, Tiger Woods anapambana U.S. Open ku Torrey Pines atasewera maenje 91, kuphatikizapo a Lolemba pomwe ankalimbana ndi Rocco Mediate. Aliyense ankaona kuti akutsimphina, ndipo zinkadziwika kuti anachitidwa opaleshoni ya bondo mu Epulo. Koma zoti mtsempha wa bondolo unali woduka, ndiponso fupa la mwendo wamanzere linali long'aluka malo awiri, tsamba lake linaulula patapita masiku awiri chikho chili kale m'manja. Uthenga weniweni unabwera kubetcha kutatsekedwa. Chinanso chondiseketsa n'chakuti amene akanaudziwa mpikisano usanayambe akanamuthawa Woods, n'kudyedwabe.

Zimatero chifukwa pa gofu wosewera sakakamizidwa kulengeza kuti wavulala, kusiyana ndi ligi ya NFL ku America komwe matimu amatulutsa mndandanda wa ovulala sabata iliyonse. Wa gofu amanena akafuna, nthawi imene wafuna. Rory McIlroy atavulala akakolo posewera mpira ndi anzake mu Julayi 2015, dziko linamva kudzera pa chithunzi cha pa Instagram, ndipo sanakateteze chikho chake cha The Open ku St Andrews. Dustin Johnson mu 2017 anafika ku Masters ali nambala wani padziko lonse, atapambana mipikisano itatu yotsatizana. Fomu yoposa pamenepo kulibe. Lachitatu anagwa pa masitepe a nyumba yomwe ankachita lendi, Lachinayi anatuluka mu mpikisano asanamenye shoti ngakhale imodzi. Nkhani zotere zikamveka, makampani obetchetsa amasintha ma odds m'mphindi zochepa, inu mudakali kutsegula tsamba lachitatu.

Sindikunena kuti masambawa alibiretu ntchito. Ine ndimayang'anapo zinthu zomwe munthu sangazikometse: ndandanda ya komwe asewere, ndi kusintha kwa zida kapena anthu. Ngati uno ndi mpikisano wake wachisanu osapuma, kapena wangotsika ndege kuchokera ku Dubai kukasewera ku California, zimenezo ndimazilemba. Ngati wasaina ndi kampani ina ya ndodo ndi mipira, ndimadikira masabata angapo kuti ndione ngati wazolowera. Chimodzimodzi akasintha mphunzitsi kapena womunyamulira chikwama. Koma ngakhale zoti asewera, ndimatsimikiza pa mndandanda wa PGA Tour kapena DP World Tour, mabungwe oyendetsa mipikisanoyi. Muwerengenso malamulo a kampani yanu yobetchetsa: ambiri amabweza ndalama wosewera akatuluka asanayambe, koma akangomenya shoti imodzi, tikiti yalowa m'madzi.

Tsono fomu yeniyeni ili kuti? Ili m'manambala omwe wosewera alibe nawo mphamvu. PGA Tour ili ndi njira yotchedwa ShotLink yomwe imalemba shoti iliyonse, komwe yachokera ndi komwe yagwera. Pa manambala amenewo, Mark Broadie wa ku Columbia Business School anapanga muyeso wa strokes gained, womwe PGA Tour inayamba kuugwiritsa ntchito mu 2011 pa kugwetsera mpira m'dzenje, ndipo pofika 2016 unali utagawidwa panayi: shoti yoyamba pa dzenje, shoti yolunjika pa green (malo a udzu wosalala ozungulira dzenje), timashoti ta m'mbali mwa green, ndi kugwetsera. Muyesowu umayerekeza shoti ya munthu ndi zomwe anzake amachita ali pamalo omwewo. Mukaona +1.5, ndiye kuti pa raundi imodzi ya maenje 18 waposa wosewera wapakatikati ndi shoti imodzi ndi theka.

Apa ndiye pofunika kudekha. Broadie anapeza kuti chomwe chimasiyanitsa kwambiri akatswiri ndi anzawo ndi mashoti ataliatali, makamaka olunjika pa green, ndipo kugwetsera kumathandiza pang'ono kuyerekeza ndi momwe anthu ankaganizira. Kugwetsera kumasinthasinthanso kwambiri: sabata ino mpira uliwonse ukulowa, sabata ya mawa wonse ukungonyambita mlomo wa dzenje. Choncho wosewera amene wamaliza pa nambala 4 chifukwa putter, ndodo yogwetsera mpira m'dzenje, inamukonda masiku anayi sindimukhulupirira kwenikweni, ngakhale tsamba lake lili ndi chithunzi chachikulu akumwetulira. Amene wamaliza pa nambala 30 koma mashoti ake a pa green anali pakati pa abwino kwambiri sabata zitatu zotsatizana, ameneyo ndiye ndimamutsatira.

Onani Scottie Scheffler. Mu 2023 panalibe womuposa kuchokera pa shoti yoyamba kufika pa green, koma pa kugwetsera anali m'munsi kwenikweni, moti anatenga zikho ziwiri zokha za PGA Tour. Mu Malichi 2024 anasintha mtundu wa putter, n'kupambana Arnold Palmer Invitational ndi mashoti asanu, ndipo chaka chimenecho anatenga zikho zisanu ndi ziwiri za PGA Tour kuphatikizapo Masters, komanso mendulo ya golide ku Paris. Amene ankayang'ana manambala anali ataona kale kuti patsala chinthu chimodzi chokha.

Mndandanda wa Official World Golf Ranking musaudalire pa fomu. Umawerengera zaka ziwiri, ndiye umachedwa kuonetsa kuti munthu watsika kapena wakwera. Manambala a raundi 16 kapena 24 zapitazi amanena zambiri, ndipo mungawapeze pa tsamba la PGA Tour ndi la Data Golf. Muonjezerepo bwalo: lalitali kapena lopanikiza, udzu wa poa annua ngati wa ku Pebble Beach kapena wa bermuda ngati wa ku Florida, ndi nthawi yoyambira. Mphepo ikalimba masana a Lachinayi ndi m'mawa wa Lachisanu, theka la osewera, lomwe lapatsidwa nthawi zimenezo, lalangidwa popanda mlandu.

Za miyezi inayi ija, tiyeni tiwerengere limodzi. Mpikisano wodzaza umakhala ndi osewera 144 kapena 156, wopambana mmodzi. Tinene kuti mumasankha munthu wa ma odds a 40, ndipo mwayi wake ndi umodzidi pa 40. Pa masabata 17, mwayi woti musawine ngakhale kamodzi ndi pafupifupi 65 pa 100. Kunena zoona ndi wokulirapo, chifukwa kampani imadula kale phindu lake mu ma odds. Ndiponso gofu ndi masewera omwe Ben Curtis anapambana The Open mu 2003 ali nambala 396 padziko, ndipo Phil Mickelson anatenga PGA Championship mu 2021 ali ndi zaka 50. Choncho miyezi inayi siikukwanira kuweruza njira yanu, kaya yanga.

Ngati mupitirize, yesani kubetcha kwa osewera awiri, woti aposa mnzake ndani, kapena woti amalize pa 10 kapena 20 oyambirira. Pamenepo mumaona msanga ngati kuwerenga kwanu kuli ndi mutu. Samalani ndi lamulo la dead heat: anthu angapo akafanana pa malo omaliza olipidwa, ndalama yanu imagawidwa, ndipo ambiri amadabwa akalandira zochepa. Muzilemba tikiti iliyonse m'kope, yowina ndi yoluza, ndipo muziika ndalama yokhayo yomwe itapita simungasowe nayo tulo. Manambala ndakuuzaniwa a kampani ali nawonso, ndi makompyuta owawerengera usiku ndi usana, ndiye musayembekezere kuti mwapeza khomo lomwe iwo sanalione.

Lachiwiri likudzali, mawebusaiti khumi aja apatseni mphindi khumi zokha, muone ndandanda ndi zomwe zasintha. Nthawi yotsalayo muthere pa manambala a mashoti olunjika pa green ndi pa zanyengo za Lachinayi ndi Lachisanu. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, munditumizire ndi chithunzi cha kope lija.