Mafunso Anu: Mkombaphala wathu unaima nthawi ya Covid-19, tiyambire pati?

FUNSO: Ndine msungichuma wa CBO ina (gulu la anthu a m'mudzi lothandiza dera lawo) kwa T/A Maganga ku Salima. Tinali ndi sukulu ya mkombaphala ya ana 60, koma bungwe lomwe linkatipatsa ufa wa phala linasiya mu 2020. Alezi anabalalika, ndipo akaunti ya ku banki sitinaigwirenso. Kodi tilembe kalata kwa ndani kuti atithandize?

YANKHO: Amayi, kalata idikire kaye. Zomwe zinakugwerani zinagweranso magulu ambiri. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020, ndalama zambiri za othandiza zinapatutsidwira ku mamasiki, sopo ndi zipatala. Mu 2021 boma la Britain linachepetsa thandizo lake lakunja, kenako kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Ndalama zilipo zochepa, opempha ndi ambiri, choncho wothandiza amayamba wafunsa kuti: gululi likadali moyo?

Yambani ndi mapepala. Ngati pali ndalama zomwe munalandira koma simunapereke lipoti lake, lembani lipotilo tsopano, ngakhale lachedwa zaka. Apa m'pamene magulu ambiri amagwera, chifukwa mabungwe amafunsana, ndipo gulu losatseka mabuku limadziwika msanga. Malisiti a m'mashopu aja amafufutika akakhalitsa, ndiye omwe akuwerengekabe ajambuleni pa foni lero lomwe. Pomwe lisiti linasowa, lembani zomwe munagula, tsiku ndi mtengo wake, wapampando ndi mfumu asayine. Musapeke lisiti, chonde. Limodzi labodza limaipitsa onse enieni.

Akaunti yokhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito banki imaigoneka. Itanitsani msonkhano wa mamembala onse, sankhani komiti, ndipo maminitsi atchule osayinira atsopano. Mupite nawo ku banki pamodzi ndi malamulo a gulu, ziphaso za unzika za osayinira, ndi kalata ya ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku khonsolo.

Tsopano phala, lomwe kwa ife ndiye nkhani yaikulu. Ufa wa likuni mutha kupanga nokha: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya wokazinga bwino, n'kukagayitsa pamodzi. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi ndipo amavuta m'mimba mwa ana. Mukawerengera magalamu 100 pa mwana patsiku, ana 60 adya makilogalamu 6 patsiku, pa masiku 20 a sukulu akwana 120. Apa ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 ndi theka la thumba la soya pamwezi. Midzi ingapo ikagwirizana nthawi yokolola, banja lililonse n'kusonkha ndowa imodzi, ufawu upezeka. Gayitsani wa masabata awiri okha, chifukwa kutentha kwa kunyanja kuno ufa wa soya suchedwa kuwawa. Pemphaninso amfumu malo a munda wa gulu, soya wa chaka chamawa akhale wanu.

Alezi musawalonjeze malipiro omwe mulibe. Apatseni masiku osinthana kuti azipeza mpata wa kumunda ndi geni, ndipo alowe banki m'khonde ya gulu.

Mukaphika miyezi itatu, kaundula wa ana akulembedwa tsiku ndi tsiku, pamenepo lembani kalata ija. Idutse ku VDC ndi ADC (makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera) kuti khonsolo ikudziweni, popeza mabungwe akafika m'boma amayamba afotokoza ntchito yawo ku komiti ya DEC, momwe mumakhala akuluakulu a maofesi a kukhonsolo. Bajeti ya 2019 musaitumize: kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso 44 peresenti mu November 2023. Tengani mitengo yalero pamsika wa Kamuzu Road.

FUNSO: Gulu lathu ku Dwangwa likufuna kumalandira ndalama mwachindunji kuchokera kunja. Kodi kulembetsa ku khonsolo n'kokwanira?

YANKHO: Bambo, kwa othandiza ambiri sikokwanira. Amafuna satifiketi ya NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si a boma, lomwe linalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Kumeneko kuli ndalama zolipira chaka chilichonse, komanso malipoti ndi mabuku owunikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama. Ngati zimenezi simungazikwanitse panopa, gwirani ntchito pansi pa bungwe lolembetsa kale, koma mgwirizano wanu ukhale wolembedwa ndipo utchule ndalama zomwe zizifika kwa inu ndi nthawi yake.