Yankho: Space Invaders inachokera kuti, nanga bwanji zilombo zimathamanga zikatsala pang'ono?

Achimwene amene mwafunsa za chiyambi cha Space Invaders, gemu ya pa makina yowombera zilombo zotsika kuchokera kuthambo, ndi liwiro lija la kumapeto, nkhani yake ili motere.

Gemuyi inatuluka ku Japan mu 1978, kampani yake ndi Taito. Anaipanga ndi munthu mmodzi, Tomohiro Nishikado, ndipo inamutengera pafupifupi chaka. Sanangolemba pulogalamu yokha ayi, ngakhale makina ake anachita kulumikiza yekha pogwiritsa ntchito purosesa (kachipangizo kokhala ngati ubongo wa makina) ya Intel 8080. Nzeru anazitenga ku Breakout, gemu yophwanya njerwa ndi kampira ya kampani ya Atari, koma iye ankafuna kuti chomwe ukuwomberacho nacho chizibwezera. Zowombera anthu kampani inakana, ndiye anajambula zilombo za kuthambo zooneka ngati nkhanu ndi nyama zina za m'nyanja.

Tsono za liwirozo, apa ndiye pokoma. Makinawo anali ofooka, ankasuntha chilombo chimodzi chimodzi. Poyamba zimakhala 55, mizere 5 ya zilombo 11, ndiye kuti zonse zisunthidwe pamatenga nthawi, gulu lonse limangoyenda mwa kang'ono kang'ono. Ukapha zambiri, ntchito imachepa, zotsalazo zimayamba kuuluka. Nishikado ataona zimenezi anangozisiya choncho, ndipo kwa ine mpamene anaonetsa luso lenileni. Wina akanati "makina avuta" n'kukonza, gemu n'kuzizira. Kaphokoso kaja ka du du du du nakonso kamafulumira limodzi ndi zilombozo, mtima n'kumagunda nawo, thukuta kuli kamukamu m'manja chilombo chitatsala chimodzi chokha.

Sikirini yake inali yakuda ndi yoyera basi. Mitundu yomwe anthu ankaona pa makina ambiri inali timapepala tapulasitiki tomata pagalasi.

Ku Japan anthu anapenga nayo mpaka kunatsegulidwa nyumba zongosewereramo gemu imeneyi. Koma nkhani ija yoti makobidi a 100 yen anatha m'dziko lonse musaimeze yonse, ndi mphekesera yokokomeza. Ku America inafalitsidwa ndi kampani ya Midway, kenako mu 1980 inalowa m'nyumba za anthu pa Atari 2600, makina a magemu olumikiza ku TV, n'kugulitsa makinawo ngati mbatata yootcha. Kampani ya Namco inatsatira ndi magemu ofanana nayo, Galaxian mu 1979 ndi Galaga mu 1981.

Ngati mukuisewera pa foni, yambani kupha za m'mbali. Gulu likachepa m'lifupi limachedwa kufika kumapeto kwa sikirini, komwe limatsika mzere likafikako, ndiye limachedwanso kutsika.