Musanalembe pulopozo yophunzitsa anthu a zaumoyo m'midzi

Mayi, mwafunsa kumene bungwe lanu la kumudzi lingapeze ndalama zophunzitsira anthu ongodzipereka kuti azithandiza odwala, popeza chipatala chili kutali ndipo mitsinje ikadzaza nthawi ya dzinja anthu sawoloka. Ndikupemphani kuti musanayambe kusaka opereka thandizo, muunikenso chimene mukupempheracho, chifukwa maphunziro ndiwo gawo lotsika mtengo pa ntchito yonseyi, ndipo pulopozo yothera pa tsiku lopereka masatifiketi imausiya mudzi mmene unalili.

Dziko lathu lili kale ndi anthu ogwira ntchito imeneyi, alangizi a zaumoyo amene ambiri timawatchula kuti ma HSA. Anayamba ngati obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenako nkumathandiza pa mliri wa kolera m'zaka za m'ma 1970. Cholinga cha boma nchakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale kuti m'madera ambiri amasenza oposa pamenepo. Cha m'ma 2007 ndi 2008 ndalama za Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo, zinathandiza kulemba ndi kuphunzitsa alangizi ambiri, moti chiwerengero chawo chinawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo ntchitoyo inakhazikika chifukwa anthuwo ndi antchito a boma, olandira malipiro mwezi ndi mwezi, okhala ndi wowayang'anira ku chipatala cha m'dera lawo.

Taonani mmene makiliniki a m'midzi, amene anayamba mu 2008 m'madera ovuta kufikako, amayendera. Mlangizi ankaphunzira masiku 6 okha za kuthandiza ana a miyezi 2 mpaka zaka 5 odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Mayi akabwera ndi mwana wotsokomola, mlangizi amavundukula chifuwa cha mwanayo, nkutchera kawotchi kwa mphindi imodzi akuwerenga mpweya, ndipo khanda losakwana chaka likapuma ka 50 kapena kuposerapo amadziwa kuti ndi chibayo. Ngati thupi latentha amabaya chala nkuyeza magazi ngati muli malungo, ndipo amakulunga kalamba ka mitundu itatu pamkono kuti aone ngati mwanayo akunyentchera. Luso lonseli limapindula pokhapokha m'bokosi la mankhwala muli LA, amoxicillin, zinc ndi Thanzi ORS. Bokosilo likakhala lopanda kanthu, amayi amabwera kawiri kapena katatu, kenako amaleka, ndipo kuwabwezera chikhulupiriro kumavuta kuposa kuyamba kumene. Makiliniki amenewa, pamodzi ndi katemera ndi masikito, ali m'gulu la zinthu zimene zinathandiza kuti imfa za ana osakwana zaka 5 zitsike kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo pa kafukufuku wa 1992 kufika pa 63 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016.

Dziwaninso kuti anthu amene bungwe lanu lingaphunzitse sadzakhala ma HSA, ndipo sadzaloledwa kupereka mankhwala amenewa paokha. Ntchito yawo idzakhala kuyendera makomo, kuzindikira zizindikiro zoopsa, kutumiza odwala ku chipatala msanga, kulimbikitsa amayi oyembekezera kupita ku sikelo ndi kulondola amene asiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu. Imeneyi si ntchito yochepa, koma iyenera kugwiridwa pansi pa mlangizi wa boma wa m'dera lanu, ndipo ophunzitsa ndi mabuku ophunzitsira achokere ku Unduna wa Zaumoyo.

Tsono bajeti yanu isadzadze ndi maalawansi, holo ndi zoziziritsa kukhosi. Muikemo njinga ndi ndalama zokonzetsera, makaundula ndi mafomu otumizira odwala, mayunitsi a foni, mafuta oti woyang'anira azifika kumidziko mwezi uliwonse, ndi maphunziro okumbutsana pakapita miyezi ingapo. Koposa zonse muikemo kangachepe ka mwezi ndi mwezi. Zimandipweteka mtima kuona mayi amene ali ndi munda wake ndi ana ake akuyenda makomo tsiku lonse kwaulere, pamene ena pa pulojekiti yomweyo akulandira malipiro. Bungwe la WHO linanena momveka bwino mu malangizo ake a 2018 kuti anthu ogwira ntchito za umoyo m'midzi azilipidwa molingana ndi ntchito yawo, ndipo ku Neno bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lakhala kumeneko kuyambira 2007, limapereka kangachepe kwa anthu ake oyendera makomo.

Za kumene kuli ndalama, ndalama za Global Fund sizifika mwachindunji ku bungwe laling'ono, koma zimadzera ku unduna ndi ku mabungwe akuluakulu, amene amagawira ena. Choncho njira yanu ndi kukhala bwenzi la bungwe limene likugwira kale ntchito m'boma lanu, ndipo ofesi ya mkulu wa zaumoyo ku khonsolo ndiyo imadziwa mayina awo. Maofesi ena a akazembe amakhalanso ndi thumba la mapulojekiti aang'ono. Kuyambira pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri mu Januwale 2025, opempha achuluka pamene ndalama zachepa, ndipo akuba nawo apezerapo mwayi, choncho aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti mulandire thandizo mumukane.

Yambani ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, mafumu, ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kenako mukafotokoze ku khonsolo kuti akupatseni kalata yovomereza. Onetsetsani kuti bungwe lanu ndi lolembetsedwa, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ngati ndinu bungwe la kumudzi (CBO), kapena ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si a boma, ngati ndinu NGO, ndiponso kuti lili ndi akaunti ya kubanki yosainira anthu oposa mmodzi. Ziwerengero za dera lanu, monga chiwerengero cha mabanja, ana osakwana zaka 5 ndi mtunda wokafika ku chipatala, mukazitenge m'kaundula wa mlangizi wanu. Opereka thandizo adzakufunsani amene adzayang'anire ndi kulipira anthuwo pulojekiti ikadzatha, ndipo yankho limenelo mugwirizane ndi a khonsolo musanatumize pulopozo.