Titumize ndalama kapena kontena ya zovala kwa okhudzidwa ndi Freddy?

Mu 2023, namondwe wa Freddy atangowomba kum'mwera kwa Malawi, mayi wina wokhala ku Leeds, ku Britain, anandilembera imelo. Akuti iye ndi Amalawi anzake akutchalitchi asonkha ndalama zoti athandizire anthu omwe akhudzidwa ndi namondwe wa Freddy, koma agawanika pawiri. Ena akufuna adzaze kontena ya zovala, nsapato ndi mabulangete n'kuitumiza pa sitima. Ena akuti atumize ndalama. Funso lake ndi ili: "Ndalama zimathera m'matumba mwa akuluakulu, pomwe bulangete limafika kwa wosauka. Inu mukuti bwanji, ndipo tidzere kwa yani?"

Yankho lomwe ndinamupatsa nthawi imeneyo ndi ili. Mayi, zikomo chifukwa cha mtima umenewu. Ine ndikuti tumizani ndalama, koma musazitumize zonse nthawi imodzi.

Tiyambe ndi kontenayo. Ikachoka ku Britain iyenda masabata ambiri panyanja, ifike ku Beira kapena ku Nacala, idikire mapepala, ikwere galimoto mpaka ku Blantyre. Paliponse pamenepo mukulipira. Ikafika pafunika nyumba yosungiramo, anthu osankhula katundu, ndi mafuta a lole yopita ku Nsanje kapena ku Phalombe, m'misewu yomwe milatho yake yakokoloka. Ndalama zonyamulira zokhazo zikadagula mabelo angapo a kaunjika ku Limbe sabata ino, mayi wa ku Chilobwe n'kuvala mawa. Izi zinaoneka ku Vanuatu namondwe wa Pam atawomba mu 2015. Anthu okoma mtima anatumiza makontena ambirimbiri a katundu yemwe palibe anamupempha, muli ngakhale nsapato za gogoda ndi zikwama za m'manja. Ena mwa makontenawo anakhala padoko miyezi yambiri osatengedwa, ndalama zosungira zikungokwera, kwinaku akutsekereza katundu wofunikadi.

Chachikulu n'chakuti inu muli ku Leeds simungadziwe chomwe banja lililonse likusowa. Freddy sanapweteke anthu mofanana. Ku Chilobwe kunatsika matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche usiku, n'kukwirira nyumba ndi eni ake. Ku Mulanje ndi ku Phalombe napolo anasesa midzi ndi minda yomwe. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi anasefukira, mbuzi ndi nkhokwe n'kupita. Pofika kumapeto kwa Marichi 2023, boma lati anthu oposa 600 amwalira, oposa 500 sakudziwika komwe ali, ndipo oposa 650,000 athawa m'nyumba zawo. Ambiri akugona m'makalasi ndi m'matchalitchi. Wina akufuna ufa ndi mphika, wina mankhwala ake a ma ARV omwe apita ndi madzi, mtsikana akufuna mapadi, ndipo onse akufuna ndowa, sopo ndi klorini, chifukwa namondweyu watipeza tili kale m'kati mwa mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022. Ndalama imasanduka chilichonse mwa izi. Imathandizanso wogulitsa ufa ndi wa golosale wa pa Nchalo kapena pa Bangula, yemwe naye waluza katundu ndipo akufuna kudzukanso.

Mantha anu sindikuwapeputsa ayi. Tonse tikukumbukira K6.2 biliyoni ya Covid-19 ija, ndi kafukufuku wa 2021 yemwe anaonetsa kuti zina mwa ndalamazo zinasakazidwa pa ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo. Munthu amene anaona zimenezo ali ndi ufulu wokayika. Koma musaganize kuti katundu sabedwa. Bulangete limasowa pakati pa nyumba yosungiramo katundu ndi msasa, n'kukapezeka pamsika, ndipo palibe lisiti lolitsatira. Ndalama yodzera ku banki kapena pa foni imasiya mapazi.

Ndiye mudzere kwa yani? Sankhani bungwe lomwe linali kale m'madera amenewa namondwe asanabwere. Malawi Red Cross Society ili ndi anthu ongodzipereka m'midzi momwemo, ndipo ndi omwe anali m'gulu loyamba kufukula anthu m'matope. WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, ndi yomwe ili ndi mphamvu zofikitsa chakudya kumalo komwe galimoto sizikufika. GiveDirectly imatumiza ndalama pa foni ya banja lokhudzidwa, eni ake n'kusankha chogula. Mipingo nayo ili ndi nthambi zake zachitukuko, monga CADECOM ya Akatolika, ndipo poti ndinu gulu lakutchalitchi, mwina kumeneko n'komwe mungafunse mafunso momasuka. Lililonse lomwe mungasankhe, funsani ngati linalembetsa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, ngati akaunti ili m'dzina la bungwe osati la munthu, komanso ngati adzakuuzani msasa kapena mudzi womwe thandizo lapita. Akakwiya ndi mafunso amenewa, pitani kwina.

Pali chinthu chimodzi chomwe ife opereka timalakwitsa. Timafuna kumva kuti tambala iliyonse yafika m'manja mwa wovutika. Koma bwato lopita ku Makhanga limamwa mafuta, dalaivala amadya, ndipo wowerengera ndalama, yemwe ndiye amatchinga akuba, amalandira malipiro. Bungwe lomwe likukuuzani poyera kuti gawo lakutilakuti lipita ku zimenezi ndimalikhulupirira kuposa lolumbira kuti silidyapo kanthu.

Za manambala a Airtel Money ndi Mpamba omwe akuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, pansi pa zithunzi zomvetsa chisoni: ena ndi achinyamata oona mtima omwe agwira ntchito yotamandika, ena ndi akuba. Ngati palibe mmodzi wa inu amene akumudziwa munthuyo maso ndi maso, musatumize. Amene ali ndi abale kumeneko awatumizire mwachindunji, pa Mukuru kapena njira ina yomwe anazolowera. Koma ndalama ya gulu ipite kwa omwe alibe mwana kunja, poti ndiwo ambiri.

Tsopano chifukwa chomwe ndikunenera kuti musatumize zonse lero. Freddy wafika pakati pa Marichi, chimanga chitatsala pang'ono kukolola, ndipo mahekitala oposa 200,000 a mbewu aonongeka. Panopa dziko lonse likuyang'ana kuno ndipo thandizo likubwera. Koma ana ayenera kubwerera m'makalasi, misasa itsekedwa, atolankhani apita kwina, ndipo banja libwerera pabwinja opanda nkhokwe. Njala yeniyeni iyamba kuluma cha mu Okutobala mpaka Febuluwale. Maboma omwewa anamenyedwa ndi anamondwe ena, Idai mu 2019, kenako Ana mu Januwale 2022 ndi Gombe patangotha miyezi iwiri, choncho ambiri analibe kale chogulitsa kuti adzipulumutse.

Ndikadakhala msungichuma wa gulu lanu, gawo limodzi ndikadatumiza sabata ino. Lina ndikadalisungira Meyi ndi Juni, ligule mbewu ya chimanga chocha msanga, nyemba ndi mbatata za kudimba, chifukwa chinyontho chomwe madzi asiya m'chigwa cha Shire chingapatse anthu zokolola mvula isanabwerenso. Lotsala likhale la malata, simenti ndi chakudya cha miyezi ya njala. Mugwirizane ndi bungwelo kuyambira pano kuti gawo lachiwiri lidzatuluka mukaona lipoti la gawo loyamba.

Zovala zomwe anzanu asonkhanitsa kale zisatayidwe, ndipo eni ake asakhumudwe. Konzani tsiku mukatuluka m'tchalitchi, muzigulitse komweko ku Leeds, muphikenso mandasi ndi tiyi, ndalama yake muiphatikize ku gawo la mbewu.