Sungani mauthengawo lero, foni isanazimiretu

Achemwali, mwati foni yanu ya Android yayamba kuzima yokha, ndipo muli mauthenga a malemu mayi anu omwe mukufuna akhale mu Gmail. Pepani kwambiri ndi imfa ya amayi. Musadikire kumapeto kwa sabata. Foni ikayamba kuzimazima chonchi, tsiku lina siidzayakanso.

Ine ndikuti yambani ndi pulogalamu yotchedwa SMS Backup & Restore, ili pa Play Store. Imasonkhanitsa mauthenga onse, ndi mndandanda wa mafoni omwe munaimba ndi kulandira ngati mukufuna, n'kuziika mu fayilo ya XML. Ikakufunsani koti isunge, sankhani Google Drive, musasankhe foni yokha. Apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa zaka zapitazo. Ndinasunga bwinobwino, mtima m'malo, koma fayiloyo inali mufoni momwemo, ndiye foni itagwera m'madzi zonse zinapita limodzi. Mukamaliza, dzitumizireni fayiloyo pa imelo yanu. Gmail imalola fayilo yosapitirira 25 MB. Mauthenga a mawu okha sadya malo ambiri, koma ngati muli zithunzi zambiri zotumizidwa ngati mauthenga (MMS) fayilo imakula, ndipo ya pa Drive ija idzakukwanirani.

Ngati chomwe mukufuna n'chakuti muziwerenga mauthengawo mu Gmail momwemo, pali ina yotchedwa SMS Backup+. Imeneyi imaika mauthenga mu akaunti yanu ngati maimelo, pansi pa chizindikiro cha "SMS", moti mukalemba dzina la amayi posakira, zonse zomwe munalemberana zimabwera ndi masiku ake. Imeneyi ndimaikonda, koma ili ndi kachintchito. Kuyambira 2019 Google inakhwimitsa malamulo a mapulogalamu olowa mu Gmail, ndiye kungodina batani lolumikiza sikugwiranso. Muyenera kuyatsa 2-Step Verification pa akaunti yanu (chitetezo chofuna pasiwedi komanso nambala yobwera pafoni polowa), kupanga app password, yomwe ndi pasiwedi yapadera ya pulogalamu ya zilembo 16, n'kuilemba mu pulogalamuyo pamodzi ndi seva ya imap.gmail.com ndi nambala ya port 993. Ichi chikhale chachiwiri, fayilo ija itasungika kale.

Wina akuuzani kuti Android imasunga yokha mauthenga pa Google. N'zoona, koma simungatsegule n'kuwerenga uthenga umodziumodzi, amangobwerera pomwe mukutsegula foni yatsopano koyamba. Komanso foni ikakhala masiku 57 osagwiritsidwa ntchito, zosungidwazo zimafufutidwa. Za WhatsApp sizilowa muno ayi, ili ndi kasungidwe kakekake.

Chinthu chimodzi chomwe anthu saganizira: mu SMS mumakhalanso mauthenga a ku banki ndi manambala achinsinsi otsimikizira. Zikafika mu imelo, aliyense wolowa mu imelo yanu waziona. Choncho pasiwedi ikhale yolimba, ndipo manambala apadera olowera popanda foni (backup codes) omwe Google imapereka mukayatsa 2-Step Verification muwalembe papepala, chifukwa foni yomwe imalandira nambala yolowera ndi yomweyi ikufayi.

Mukagula foni ina, ikani SMS Backup & Restore, lowani mu Drive yomweyo n'kusankha kubwezeretsa. Idzapempha kuti kwa kanthawi ikhale pulogalamu yanu yaikulu ya mauthenga. Musaope, vomerani, ikamaliza mubwezere yomwe mumagwiritsa ntchito.

Koma musananene kuti mwatha, tsegulani zomwe mwasungazo mu pulogalamu momwemo, pitani pa dzina la amayi, mupeze uthenga wawo womaliza ndi woyamba womwe mukuukumbukira. Onse awiri akaoneka, lowaninso mu Drive pa kompyuta kapena pafoni ya munthu wina, muone ndi maso anu kuti fayilo ilipo ndipo ili ndi tsiku la lero.